Chingwe cha Dengu Sichidulidwa

Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu, a Don Saverio. Olemekezeka a Khansala a dera lino, a Mastrogiacomo, amene lero afika mwambo usanathe, ndipo tikuyamika Mulungu. Olemekezeka a Brambati, mkulu wa nthambi za sitolo ya chizindikiro cha mphezi. Olemekezeka Mayi Valsecchi, mkulu wa nthambi za sitolo ya chizindikiro cha kavalo. Akuluakulu a komiti ya msewu wathu. Inu a njinga zamoto amene mwaima kumbuyoko zipewa zili m'manja. Amayi ndi abambo amene muli pansi pano, ndi inu nonse amene mukumvera muli pa mazenera kumwambako, ndakulonjerani nonse.

Ine ndine Gelsomina Cacace. Ndagwira ntchito ya uzamba muno m'dera lathu la Sanità mpaka mawondo anakana, ndipo theka la inu ndinakuonani musanavale kanthu, kotero musayembekeze kuti ndichita nanu manyazi. Ofesi ziwirizi zinandilembera mawu oti ndiwerenge. Ndamva kuti zinakokana mpaka kutuluka thukuta pa nkhani yoti ndiyambe kutchula ndani. Pepalalo ndalipinda bwinobwino, lili pansi pa mwendo wa tebulo ili, lomwe limagwedera.

Tasonkhana kudzatsegula chipinda ichi, chomwe kale chinali golosale ya a Don Aniello. Kuyambira lero, katundu yense amene anthu a msewu uno amaitanitsa pa foni, kaya ku Mphezi kaya ku Kavalo, azifikira pano, pakhomo limodzi. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndikuthokoza onse amene anachivutikira. Koma ndisanapitirire, pali kanthu kamene kandiima pakhosi chifikire pano.

Andipatsa sizasi. M'malo mwa riboni, amanga pakhomopa chingwe cha dengu lija timatsitsa pazenera polandira katundu, akuti zithunzi zioneke zachikhalidwe. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendo athuwa adzadi nako, kungoti aloza chingwe cholakwika. A Brambati, Mayi Valsecchi, mumsewu muno chingwe cha dengu timadula mwini wake akamwalira basi. Ndipo chingwe ichi ndikuchidziwa. Kansalu kofiira kali pa mfundoka ndinamanga ndine. Ndi cha akulu anga a Addolorata, a pa nsanjika yachisanu apo, pomwe pali maluwa ouma. Mwana wawo Ferdinando anachimasula dzulo pomwe ankawalongedzera sutikesi, wina atamupempha chingwe chakale iye n'kungopereka. Ferdinando, usabisale kuseri kwa Bambo Mfumu, ndakuona.

Ndiye sizasi nayi, a Khansala, mukadulire zina. Ine ndikumasula. Inu a njinga, a Ousmane a ku Mphezi ndi a Pasqualina a ku Kavalo, bwerani kuno. Gwirani chingwechi nonse awiri, mukwere nacho, mukachimange pomwe chinali. Paja mabwana anu amati ndinu aliwiro. Ife tizicheza.

Ndili kamtsikana, tinkakhala m'nyumba yomweyo ndi mayi athu a Nannina. M'mawa uliwonse bambo wa a Don Aniello ankatuluka m'golosale muno, n'kuima pakati pa msewu, n'kumaitana zenera ndi zenera: “A Donna Nannina, tsitsani dengu.” Masiku ena m'nyumba munalibe ndi khobidi lomwe, mayi n'kuyankha kuti, “Lero palibe, a Don.” Iwo n'kuti, “Ndafunsa za ndalama ine? Tsitsani.” Dengu linkatsika ndi kapu ya khofi kapena bisiketi imodzi, chifukwa mayi ankati dengu silitsika lopanda kanthu, ndipo linkakwera ndi anyezi kapena kamtolo ka masamba. Ine ndinkayesa ndi malonda. Ndinazindikira nditakula kuti bamboyo ankaona ngati tonse tadzuka amoyo. A Don Aniello anatengera bambo wawo, ndipo anaitana mazenera amenewa mpaka tsiku lomwe anatseka chitseko ichi.

Chinawatsekesa n'chiyani, tonse tikudziwa. A Mphezi anabwera n'kulonjeza kuti ukaitanitsa pa foni, katundu afika pasanathe ola. A Kavalo akuti ife theka la ola. A Mphezi akuti ife kotala, ndipo kubweretsa n'kwaulere. A Kavalo akuti ife kwaulere, ndi botolo la mafuta pamwamba. Kunangotsala kuti buledi azifika munthu usanamve njala. Zikwangwani mbwee, njinga zamoto uku ndi uku, mpaka aneba athu a Donna Titina anasiya kuyanika zovala pansi. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzu woyamba unali a Don Aniello. Sindikunena kuti mitengo yanu ndi yoipa, ayi. Inenso ndimagula, mawondo angawa sadziwa ndale. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti pa mpikisano wonsewo, palibe mmodzi mwa inu amene anakweza maso kuyang'ana kumwamba.

A Addolorata sanatsikepo makwerero aja chithyokere chiuno, ndipo ndi zaka zambiri. Chikepe m'nyumbamo mulibe. Ferdinando, ali ku Torino komwe amagwira ntchito, anawakonzera zoti aziwaitanitsira zakudya pa foni yake. Mwana wabwino, sindikumunyoza. Koma masitolo onse awiri anali ndi lamulo lofanana, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anagwirizanapo: katundu aperekedwe pakhomo, m'manja, ndi chithunzi cha chitseko. Tsiku loyamba ndinalipo. Akulu anga atsitsa dengu, akuti, “Mwananga, ika m'menemo.” Wa njinga akuti, “Agogo, foni ikukana, ikuti ndijambule chitseko.” Iwo akuti, “Jambula dengulo, chitseko changa ndi chimenecho.” Munthu wa Mulungu uja anamvera, anaika m'dengu, ndipo kumapeto kwa sabata anamudula malipiro. Musaseke, anthuni. Kuyambira pamenepo, amene anali ndi mphamvu ankakwera, amene nthawi yamuthera ankangoliza belu pansi, n'kudina pa foni kuti mwini sanapezeke, n'kuthamangira kwina.

Mu Febuluwale, m'mawa wina, a Addolorata anaterereka kukhitchini n'kugwa, osathanso kudzuka. Tsiku limenelo Ferdinando anali ataitanitsa buledi ku Mphezi ndi mkaka ku Kavalo, poti uku kunali kutsitsa mtengo ndi ukunso kunali kutsitsa mtengo. Onse awiri anafika mwa liwiro, ndikuvomereza. Onse awiri analiza belu. Onse awiri analemba kuti sanapezeke pakhomo. Munthu amene satuluka, amene msewu wonse ukudziwa kuti satuluka, akuti sanapezeke pakhomo. Dengu linali lende pazenera tsiku lonse, losasuntha. A Don Aniello akanaitana kawiri, kachitatu akanathyola chitseko. Akulu anga anagona pa simenti yozizira mpaka mawa lake, pomwe a Donna Titina anaona kuti zenera silinatsekedwe chidzulo n'kundiimbira.

Tili kuchipatala, foni ya Ferdinando inalira kawiri. A Mphezi akuti pepani takuphonyani, ulendo wina tidzakuchotserani mtengo. A Kavalo akufunsa kuti ntchito yathu mukuipatsa nyenyezi zingati. Ine ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Sindikwiyira a njinga, ayi. Munthu amene foni ikumuwerengera nthawi ngati dzira pamoto sangaime kuyang'ana mazenera. Ndikwiyira amene anakhala pa mipando yofewa n'kuganiza kuti kuthamanga ndiko kufika.

Ferdinando anandikokera pambali, akuti, “Mayi aang'ono, ndikuwatenga. Ndapeza malo ku nyumba yosungira okalamba ku Torino, kuli chikepe, kuli anamwino.” Akulu anga atamva, titabwerera nawo kunyumba, akuti, “Iwe, muno ndinabadwiramo, ndinakubalira momwemo, ndipo ndidzatuluka m'bokosi basi.” Iye akuti, “Amayi, bokosilo ndi limene ndikuopa.” Ndani angamutsutse? Ndinamupempha kuti atipatse mpata. Anandiyankha mawu amodzi: “Mundionetse munthu amene aziwaitana m'mawa uliwonse, ndiwasiya. Apo ayi, tikupita.” Wabwera ndi galimoto, ili pakona apo yatseka njira ya aliyense, ndipo sutikesi ili kale pakhomo.

Ndiye komiti yathu inayamba kuyenda m'maofesi. Abale anga, ndazamitsa ana obwera chammbuyo, ndazamitsa mapasa magetsi atazima, koma sindinaonepo kubereka kovuta ngati kukhazika anthu awiriwa pa tebulo limodzi. Miyezi yathunthu. Akangana za utoto wa khoma, mpaka talisiya loyera. Akangana za shelefu ya kumanja. A Brambati akuti tikagawana chipinda, anzathuwa adziwa zimene makasitomala athu amagula. Ine ndikuti, bambo, mumsewu muno tonse timadziwa zimene aliyense amadya, timamva fungo. Mayi Valsecchi akuti dengu si khomo malinga ndi malamulo a kampani. Loya wawo anafunsa, ndi nkhope yosaseka, kuti kuitana munthu ndi pakamwa kulowa bwanji mu kompyuta. Ndinamuuza kuti akachite kufunsa amayi ake.

Komabe chilungamo ndinene, pamapeto pake anavomera, ndipo pa ichi ndikuwathokoza pamaso panu. Sindikudziwa ngati chinawafewetsa ndi nkhani ya akulu anga kapena mantha oti mnzawo avomera yekha n'kutenga msewu wonse, ndipo sindikufuna kudziwa. Chimene asaina n'chakuti mumsewu muno dengu ndi khomo, ndipo palibe wa njinga amene adzadulidwenso malipiro chifukwa choika katundu m'dengu. Chachikulu koposa, m'mawa uliwonse mmodzi wa pano, sabata ino wa ku Mphezi, sabata ya mawa wa ku Kavalo, aziyenda msewu uno wapansi, foni ili m'thumba, n'kumaitana okalamba athu ndi mayina awo, kaya aitanitsa kanthu kaya ayi. Zenera likapanda kuyankha, akwera. Nthawi imeneyo ilipiridwa ngati ntchito, chifukwa ndi ntchito. Eya, m'manjamo ombani, koma musatope, chifukwa tikhala tikuwayang'anira.

A Brambati, Mayi Valsecchi, kunja kwa msewu uno pikisanani mmene mungafunire. Tsitsani mitengo mpaka pansi, ife tidzatola. Koma mukadzayambanso kukangana za amene aitane choyamba, kumbukirani kuti mawondo anga ndi amene anatha, pakamwa pakadali bwino.

Ndikuona a Pasqualina akukupiza dzanja pazenera paja, ndiye kuti chingwe chamangidwa. A Ousmane atsika kale, akupuma ngati mvukuto. Bwerani, bambo, sabata yoyamba ndi yanu. Imani apa pakati, pomwe ankaima a Don Aniello. Mayi Valsecchi, musanyinyirike, buledi woyamba wolowa m'dengu ndi wanu, tagawa bwino. Nonse khalani chete. Ferdinando, bwera uime pafupi ndi ine, umve ndi makutu ako.

Itanani, a Ousmane. Osati choncho, simuli m'tchalitchi. Akulu anga khutu lamanzere linagona kalekale. Kwezani mawu: “A Donna Addolorata, tsitsani dengu!”

Dikirani. Musathamange, manja awo ndi okalamba.

Ilo. Likubwera. Taonani mmene likutsikira, pang'onopang'ono, osagunda khoma. A Khansala, chotsani mutu. Ndipo silinabwere lopanda kanthu, ndinakuuzani. Muli kaketulo ka khofi, kakadali kotentha, ndi kapu. Kapu imodzi. A Brambati, Mayi Valsecchi, akulu anga makapu ali nawo ambiri, sanaiwale. Mugawane, ndipo za amene ayambe kumwa musandifunse ine.

Ferdinando, mwana wa akulu anga, unati tikuonetse munthu. Ndi uyu, dzina lake ndi Ousmane, ndipo sabata ya mawa ndi Pasqualina. Pukuta m'maso, anthu akukuona. Kwera ukamasule sutikesi ija, ubwezere madiresi a amayi ako mu kabati, udye nawo chakudya chamasana, kenako uchotse galimoto yako pakona paja.

Olemekezeka nonse, ndi ulemu umene mwandipatsa, popanda kudula kanthu kalikonse, ndikulengeza kuti khomo ili latsegulidwa, ndipo mawa m'mawa tidzamvetsera.

Zikomo kwambiri.