Ndinatsika Phiri la Zomba Mabuleki Atapsa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ine ndine NaMbewe wa ku Masongola, kuno ku Zomba. Ndakhala chete nthawi yaitali ndipo ena mwakhala mukufunsa ngati kuli kwabwino. Sikunali kwabwino ayi. Lero ndati ndikuuzeni za matenda a amuna anga, bambo a Tadala, ndi za galimoto yathu yokalamba imene inatifera pa nthawi imene tinkaifunitsitsa.

Galimotoyi bambo anaigula kwa mnzawo wa ku ofesi, mwana wathu Tadala akadali ku pulayimale. Inabwera kwathu itayenda kale kwambiri, ndipo ifenso tinaiyendetsa mpaka mita yoonetsa mtunda inaima. Kukazizira m'mawa sinkalira pokhapokha itaimikidwa potsetsereka. Makhalidwe ake onse ankawadziwa ndi bambo okha. Loweruka lililonse ankatsegula boneti, kuyeza oyilo, kuthira madzi, kumanga apa ndi apo ndi waya. Ine ndinkangokwera. Chiwongolero sindinachigwirepo.

Chaka chimene bambo anapuma pa ntchito ya boma, tsiku lina masana anagwa pabwalo akutsuka galimotoyo. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Munthu amene ankayambitsa nyimbo ku mapemphero a mlaga kwathu anatsala akungondiyang'ana, malovu akutsikira pa malaya. Adokotala anandiuza kuti ndizipita nawo ku mafizo kawirikawiri kukawongola ziwalo, apo ayi ziwalo ziuma.

Koma ndikanapita nawo pa chiyani? Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yonse imene tinali m'chipatala. Batire inafa, makoswe analowa n'kudya mawaya. Ndinayamba kuwatengera pa kabaza wa njinga yamoto, iwo pakati, ine kumbuyo, nditawamangirira kwa ine ndi chitenje. Tsiku lina mvula itagwa njinga inaterera pa kona. Bambo anagwa chafufumimba m'matope, ndipo sanathe kudzidzutsa kapena kukuwa. Anthu anasonkhana, ena akuthandiza, ena akungoonerera. Ndikuwapukuta kumaso ndinaona manyazi amene sindinawaonepo m'maso mwawo chikwatirane.

Ndiye ndinaitana makaniko wina amene anthu anandilozera. Anaikoka galimoto kupita nayo ku galaja kwake, nati masabata ochepa ikhala itatheka. Ndikamuimbira ankati mawa. Kenako foni yake inasiya kupezeka. Nditapita ndinaipeza m'udzu kuseri kwa galaja, sitata kulibe, ladiyeta kulibe, zitsulo zina za pa injini atamasula. Oyandikana naye anati munthuyo anapita ku Joni. Amuna a ku mlaga anandithandiza kuikokera kunyumba, koma chimene chinabwerera chinali chigoba.

Ku mafizo tinasiya kupita. Zala za bambo zinayamba kupindika ngati za nkhuku yakufa, ndipo kumsana kunatuluka zilonda. Tadala ali ku Lilongwe ndi khanda, ankatumiza zimene wapeza, koma zinkathera ku mankhwala. Anthu amene ankabwera kudzationa masabata oyamba anayamba kuchepa. Sindikuwada, aliyense ali ndi katundu wake.

Kenako anabwera alamu anga a Dyson, mng'ono wa bambo, kuchokera kumudzi ku Jali. Anakhala pakhonde n'kuyankhula ngati bambo palibe, pamene anali pa mpando pomwepo.

"Alamu, apa mwalephera," anatero. "Tikangokolola tidzawatenga achimwenewa, akakhale kumudzi. Chigalimotochi tidzagulitse kwa ogula zitsulo."

Ndinadziwa kuti kumudziko mafizo kulibe, akakangogona pa mphasa kudikira tsiku. Bambo anamva zonse. Anayesa kuyankhula, panangotuluka kubuula, misozi n'kutsika. A Dyson anati mwaona, akuvomera.

Abale, pamenepo pemphero linandithera. Ndinkatsegula Baibulo koma maso ankangoyenda pa mizere. Masana bambo akagona ndinkalowa m'chigoba chija n'kutseka chitseko kuti asandimve ndikulira. Munkanunkha mikodzo ya makoswe. Tsiku lina ndinangoti, "Ambuye, ine ndatha. Ngati muli ndi njira, ionetseni, chifukwa ine sindikuiona." Sindinanene ameni n'komwe.

Patapita masiku angapo pachipata panafika mayi wina atasenza dengu la mbatata ya kachewere, akugulitsa khomo ndi khomo. Anali Msilamu wa ku Mbedza, dzina lake Abiti Saidi. Sindinkawadziwa. Ndinawauza kuti sindigula, koma iwo anatula dengu n'kuyamba kuizungulira galimoto.

"Amayi, iyi yafa ndi chiyani?"

"Anaichotsa zam'kati," ndinatero.

"Yanga ndi mtundu womwewu," anatero. "Mtengo wa bulugama unaigwera pa mvula ya mphepo ija, denga linaphwanyika lonse, koma zam'kati n'zamoyo. N'chifukwa chake mukundiona ndasenza pamutu."

Anandifotokozera kuti kale ankakwera phiri pa galimoto yawo kukagula mbatata ndi masitiroberi kwa alimi a kumtunda, n'kumadzagulitsa mumsika. Ataona bambo pakhonde anati nawonso anadwazikapo amuna awo mpaka kuwaika m'manda. Tinagwirizana tsiku lomwelo kuti pa magalimoto awiriwo tipange imodzi, tizithandizana. Anabweretsa makaniko wachikulire wa ku mzikiti kwawo, amene anagwirira ntchito pabwalo pathu, ine ndikuona. Anachotsa za galimoto ya Abiti n'kuika m'yathu. Tsiku limene injini inalira, utsi wakuda uli tolotolo, bambo anamenya mpando ndi dzanja lawo lamanzere mpaka ndinaopa kuti agwa.

Abiti ankatitengera ku mafizo pa galimotoyo, masiku ena n'kumakwera nayo phiri pa malonda awo. Koma anandiuza mosabisa kuti sadzakhalapo masiku onse. Anayamba kundiphunzitsa pa bwalo la mpira, akundikalipira ngati mwana ndikazimitsa injini. Mayeso ndinalephera ulendo woyamba, wachiwiri ndinapeza laisensi. Zilonda za bambo zinapola, mwendo unayamba kugwedezeka pang'ono. Mawu okha sanabwere.

M'nyengo yozizira Abiti anapita ku maliro ku Machinga, ndipo anandipempha kuti ndikawatengere mbatata zimene alimi anali atakumba kale. Ndinalibe wowasiyira bambo, choncho ndinawakhazika pa mpando wa kutsogolo n'kuwamanga lamba. Kukwera tinakwera bwino. Potsika, matumba atadzaza kumbuyo, chiperoni chinatseka msewu. Amene mumaudziwa msewu wa kuphiri mukudziwa makona ake, ndi phompho limene lili mbali imodzi. Mantha anandigwira. Ndinaponda buleki osachotsa phazi, ndipo zonse zimene Abiti anandiphunzitsa za potsetsereka zinandithawa m'mutu.

Ndinamva fungo la chinthu chopsa. Buleki inayamba kufewa, ndikaponda ikungolowa pansi, galimoto ikuonjeza liwiro. Ndinakuwa dzina la Yesu. Bambo anadziwa chimene chikuchitika, koma chogwirira magiya chinali mbali ya dzanja lawo lakufa, ndipo lamba anawaletsa kufikira ndi linalo. Ndinawamva akulimbana ndi lilime lawo, akubuula, kenako anakuwa ndi mawu aakulu osweka.

"Giya! Giya!"

Ndinaponda kalatchi n'kukankhira giya pansi. Injini inalira ngati ing'ambika, galimoto inagwedezeka n'kuchepetsa liwiro. Ndinatsitsanso ina. Pamene msewu unatambasuka pang'ono ndinaikhotetsera ku mbali ya phiri, ndinakoka buleki ya pamanja, tayala linalowa mu ngalande n'kuima. Nyali ya kutsogolo inasweka pa chibumi. Ife sitinavulale.

Ndinakhala pomwepo, manja ali pa chiwongolero. Patapita nthawi m'pamene ndinazindikira chimene ndinamva. Ndinawagwira kumaso n'kuwauza kuti anenenso. Anayesa, koma mawu sanatuluke. Tinalira tonse m'nkhungu mmenemo mpaka anthu odula mitengo anatipeza n'kutikankha, mabuleki atazizira.

A Dyson anabweradi atakolola, ndipo anabwera ndi munthu wogula zitsulo. Anapeza galimoto ili ndi matope a kuphiri m'matayala. Anayambanso nkhani yawo yoti achimwene apite kumudzi. Bambo anagwira ndodo yawo, anadzikoka mpaka kuimirira ndi mwendo umodzi, anawayang'ana a Dyson m'maso. Pakamwa panavutika nthawi yaitali.

"Ayi," anatero.

A Dyson anavula chipewa n'kukhala pansi. Wogula zitsulo uja anatsazika yekha.

Sindikukuuzani kuti zonse zatha. Dzanja la bambo silinabwerere, ndipo adokotala akuti mwina silidzabwerera. Mawu amene ali nawo ndi ochepa, ndipo masiku ena amasowa onse n'kukwiya. Galimoto imadontha oyilo, mwezi watha inatifera pakati pa tauni ndipo anatikankha ndi mavenda. Loweruka ndine amene ndimatsegula boneti tsopano, iwo atakhala pa mpando pambali, akuloza ndi ndodo.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losamalizidwa. Ndikuthokoza chifukwa cha Abiti Saidi, amene sitipemphera m'nyumba imodzi koma anandinyamula pamene ndinagwa. Ndikuthokoza amuna a ku mlaga, ndi aja odula mitengo amene maina awo sindinawafunse.

Inu amene mukudwazika, amene mwatopa mpaka simukuthanso kupemphera, musaleke. Nenani ngakhale mawu awiri amene mwatsala nawo, Iye amamva. Ndipo mutikumbukire m'mapemphero anu, chifukwa ku mafizo ayamba kuwaphunzitsa bambo maina. La Tadala alitchula kale. Langa ndikudikirabe.