Masamba a Atate

Dora, wothyola tiyi, ankadikira minibasi ya ku Thekerani pamene mphunzitsi wina wachizimayi, mlendo ku Thyolo, choko chikadali m'manja, anamuyandikira.

"Pepani mayi, nthawi ili bwanji? Foni yanga amandisungira Atate."

"Bambo anu okuberekani?"

"Ayi, Atate a gulu lathu la machiritso. Amati foni imayamwa mphamvu ya mankhwala."

"Nanga akwanu mumalankhula nawo bwanji?"

"Sitiloledwa, achibale amabwezeretsa matenda. Mayi anga sindinawamve mawu kuyambira pa Isitala. Mapiritsi a BP ndinataya, shuga ndinasiya. Tiyi ndiye amati ndi poizoni."

"Kuno ku Thyolo? Ndiye mumamwa chiyani?"

"Masamba a ku Mozambiki. Atate amakathyola okha kuphiri, atasala kudya masiku atatu."

Mphunzitsiyo anatulutsa kajumbo m'chikwama. Dora ananunkhiza, n'kufikisa tsamba limodzi ndi zala.

"Atate anuwo ndi aafupi, oyenda pa njinga yamoto yofiira?"

"Mukuwadziwa?"

"Loweruka lililonse amabwera pa sikelo pathu poyezera tiyi. Masamba okhwima amene kapitawo watibwezera, iwo amatolera m'thumba. Ife timayesa akuweta mbuzi."

"Ndiye mukuti miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa chiyani?"

"Tiyi, aphunzitsi. Woipa, koma tiyi. Mwinanso wothyola ndine."

"Mayo ine. Nditani tsopano?"

"Mapiritsi mukatengenso kuchipatala. Foni yanga nayi, aimbireni mayi anu. Masambawo musataye, muzingothiramo shuga."