Kalata ya Tadala inagona masabata atatu m'kompyuta ya pakona

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine bambo a Tadala, uja wogulitsa nsapato za kaunjika pamsika wa ku Kawale. Ena mwa inu ndinakugulitsanipo nsapato yomata ndi guluu ndikulumbira kuti ndi yatsopano; mundikhululukire, tinalapa. Lero ndikufuna kuchitira umboni za mwana wanga wamkazi, amene anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka kumphuno.

Tadala ankalephera kuyamwa. Mkaka unkangotayika, mwana n'kumalira ndi njala bere lili pakamwa. Kusikelo, mzere wa m'kabuku kake unkangotsika mwezi ndi mwezi. Mayi ake anasiya kupita kumpopi masana pothawa maso a anthu, ndipo ankamufunditsa chitenje kumutu ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Nesi wina wachifundo anatiuza kuti kuli madokotala akunja amene amabwera kamodzi pachaka pachipatala china cha mishoni kudzasoka milomo yotere kwaulere. Koma mayina a ana amalembedwa iwo asanafike, ndipo amawalandira pa imelo. Anandilembera adiresi pakapepala, nati ndisachedwe.

Ku Biwi kunali kashopu ka Mayi Kamwendo, kotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Anthu opanda imelo ngati ine tinkatumizira pa adiresi ya shopuyo, mayankho n'kumafikira pomwepo. Atanditchulira mtengo, magazi a malonda anandikwera. Ine ndi munthu amene ndimanenerera ngakhale mtengo wa bokosi la machesi. Ndinaloza kompyuta yakale imene inali pakona, yofiirira ndi fumbi.

"Nanga iyo, amayi?"

"Iyoyo ndi yongotayipira, bambo. Theka la mtengo. Mukamaliza mundiuze."

M'mutu mwanga ndinati awa ndi mawu a malonda chabe, ngati mmene ine ndimanenera kuti yatsala imodzi yokhayi pomwe thumba lili lodzaza pansi pa benchi. Ndinalipira theka lija n'kukhala. Pulogalamu ya makalata ndinaizindikira, chifukwa ndinaonerapo kawiri kuofesi ya mlamu wanga. Ndi chala chimodzi ndinalemba dzina la mwana, miyezi yake, sikelo yake, ndi kumene ndimagulitsa nsapato. Ndinadina batani lotumizira, kalata n'kuzimiririka. Nditaona kuti Mayi Kamwendo atanganidwa ndi anthu a fotokope, ndinatuluka mwakachetechete kuopa kuti angandiwonjezere kenakake. Panjira ndinkadzitama kuti ndawachenjerera.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhazikike. M'mawa ndinkayala nsapato, n'kuuza mnzanga wa benchi yoyandikana kuti andiyang'anire, ine ulendo wapansi wa ku Biwi. Ndinkangosuzumira pakhomo n'kufunsa ngati yankho la bambo a Tadala lafika. "Palibe," ankatero mayi aja, ndipo sankanama. Anthu ankadutsapo ambiri, sakanakumbukira kuti ine ndinakhala pa kompyuta iti. Masana ndinkabwereranso. Palibe. Tsiku lina ndinakulungira kasitomala nsapato ziwiri zakumanzere, anabwerako akunditukwana.

Kunyumba mayi a Tadala ankandiyang'ana kumaso ndisanalowe n'komwe. Sabata yachiwiri anandifunsa kuti, "Koma munatumizadi inu?" Ndinawakalipira kwambiri, chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinayamba kuda madokotala aja, kuti amasankha ana a anthu odziwika. Ndinada nesi uja. Mwana anayamba kutsokomola, khungu la m'mikono likulendewera.

Ndiye ndinayamba kunenerera ndi Mulungu. Ndinati, Ambuye, yankho likabwera, chakhumi ndizipereka chathunthu osabisako. Zii. Ndinawonjezera kuti guluu ndisiya. Zii. Ndinaikapo kusala kudya Lachitatu lililonse, ndi kulowa kwaya ngakhale mawu anga ndi achule. Kumwamba kunangoti chete, ngati kasitomala amene waona kuti katundu wako ndi wabodza. Sabata yachitatu zopereka zinandithera. M'mawa wina ndinakhala kuseri kwa benchi, mutu uli pathumba la nsapato, n'kunena kuti, Atate, ndilibe choti ndikupatseni, mwanayu ndi wanu, mumuchitire chifundo basi. Tsiku limenelo ku Biwi sindinapite. Mphamvu ndinalibe.

Lachinayi masana ndinaona mapazi a mzimayi ataima pabenchi. Osakweza maso ndinayamba kale nyimbo yanga, kuti saizi yanu ilipo amayi, yochokera kunja, sinapondepo fumbi la kuno.

"Sindinabwerere nsapato, bambo. Ndazungulira msika wonse uno kufunsa bambo a Tadala."

Anali Mayi Kamwendo, thukuta lili kamukamu, pepala lili m'manja. Anandifotokozera kuti kompyuta ya pakona ija anaipezera wogula, ndiye ankafufuta zinthu zakale. Atatsegula pulogalamu ya makalata anaona kalata imodzi ili m'bokosi la makalata odikira kutumizidwa. Kompyuta imeneyo inalibe chingwe cha foni cholumikizira intaneti. Ukadina batani, kalata imangolowa m'bokosimo n'kumadikira tsiku limene makinawo adzalumikizidwe. Yanga inagona mmenemo masabata atatu, ine ndikutha nsapato zanga zomwe pamsewu wa ku Biwi.

"Ndinatsala pang'ono kuifufuta," anatero. "Koma ndinawerenga, mundikhululukire. Ndinazula chingwe pa kompyuta inayo n'kuitumiza, ndi mawu anga pamwamba opepesa kuti yachedwa. Yankho ndi ili."

Anandiwerengera okha. Kalembera anali atatsekedwa kale, koma madokotala anavomera kuwonjezera dzina limodzi. Tipite naye mwana Lolemba m'mawa. Ndinapisa m'thumba kuti ndilipire, iwo anaseka. "Sungani, bambo. Ndikatchula mtengo tichedwa pano mpaka madzulo."

Ndinasiya benchi osafunditsa, ndinathamanga mpaka kunyumba. Ndinagwada pamaso pa mkazi wanga n'kuulula kuti funso lawo lija linali loona, kalata sindinatumize. Anangotenga pepala lija n'kuliika m'kabuku ka kusikelo, misozi ikutsika.

Lolemba anamuchita opaleshoni. Patapita masiku, ndili chiimire pambali pa bedi, ndinaona Tadala akugwira bere n'kuyamwa mpaka kugona, osatayako ngakhale dontho. Mwezi wotsatira mzere wa kusikelo unatembenuka n'kuyamba kukwera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayang'ane kuchenjera kwanga kopusa, koma anagwira dzanja la mayi amene ndinawabera theka la mtengo kuti lisafufute kalata ija. Ndikuthokoza Mayi Kamwendo, nesi uja, ndi madokotala amene mayina awo sindinathe n'kuwatchula komwe. Inu amene mukudikira yankho ndipo kukungoti zii, musatope kupemphera, ndipo musachite manyazi kufunsa amene akudziwa. Tadala pano ali kusukulu ya mkaka. Lamlungu likubwerali ana aimba kutsogolo. Amene azikuwa kuposa onse, wa kachipsera kakang'ono pamlomo, ameneyo ndi wanga.