Phazi la Wodwala Wopeka

Efulemu ankasita jekete yake yokhayo pakhonde ku Mitundu, simbi yamakala ikungobwerezabwereza pamkono umodzi, chifukwa m'mawa mwake abusa ankati akamuyese za ubusa pochezera odwala kuchipatala cha mishoni, ndipo akakalephera abwerere kukalima fodya. Atsibweni ake a Maliko, amene analalika zaka makumi atatu m'midzi ya ku Nathenje, anatulukira akutsimphina ndi ndodo kudzamuphunzitsa kaimidwe ka m'busa.

"Siya simbiyo pomwepo!" anatero a Maliko akuyala mphasa. "Ine ndine wodwala. Pita kuseri uko, ubwere ngati m'busa."

Efulemu anazungulira nkhokwe, nabwera, nanjuta.

"Odi, atsibweni."

"Atsibweni ake ati? Ndine wodwala! Nanga wanjutiranji? Imirira!"

"Mwagona pansi. Sindingaime pamutu panu."

"M'busa amaima! Chifuwa patsogolo, Baibulo m'khwapa, kenaka atsokomole kawiri kuti onse adziwe kuti mwalowa munthu."

Efulemu anatulutsa kabuku ndi pensulo. "Kawiri. Nanga odwalawo akakhala kuti akutsokomola kale?"

"Utsokomole mowaposa!"

"Sakandigoneka?"

"Iii, koma mwana wa mlongo wangayu! Sukulu yonse ija? Tandifunsa chondivuta. Mwamphamvu!"

"Chikukuvutani n'chiyani?" anafunsa Efulemu chapansipansi, maso ali pamphasa.

"Tingoyerekeza kuti phazi."

"Lakumanja?"

"Lakumanzere. Chitsa chinandibaya... chinamubaya pososa m'munda."

"Papita masiku angati?"

"Masabata atatu. Aa, ukulembanso? N'zopeka izi!"

"Eya, ndikulemba zopekazo. Anathirapo chiyani?"

"Phulusa. Iwe, mawu ako ali kuti? Kweza!"

"Usiku amagona?"

"Agone bwanji, phazi likukoka mpaka m'ntchafu?"

"Kuchipatala anapitako?"

A Maliko anadzutsa mutu. "Akatani? Munthu wopempherera anzake zaka makumi atatu akagone pabedi, akhristu ake azidzamusuzumira atavala zovala za odwala?"

"Oo, ndiye kuti wodwalayu ndi mlaliki."

"Wopeka!"

"Wa ku Nathenje?"

"Wa kulikonse! Taonera ine mmene amalowera m'busa."

Anadzuka mwachangu, natulutsa chifuwa, natsokomola kamodzi. Kachiwiriko sikanatuluke. Phazi litagunda pansi anagwira mzati wa khonde, nkhope itakwinyika.

Efulemu analemba. "Kamodzi, kenaka kugwira mzati."

"Fufuta zimenezo!" A Maliko anabwerera pamphasa, nanunkhiza m'mwamba. "Chikupsa n'chiyani?"

"Jekete."

"Jekete? Ndiye wangokhala?"

"Munati ndisiye simbi pomwepo."

Efulemu anathamanga kukaichotsa. Pamkono panali chibowo, chala chikulowa bwinobwino.

"Watha iwe!" anatero a Maliko, manja ali kumutu. "Wopanda jekete, wopanda mawu, wongonjuta ngati mkamwini. Adzakumvera ndani mawa? Ngakhale nkhuku singakupatukire. Kanole khasu basi."

Efulemu ankayang'ana sanza yomanga phazi lija, imene inali itanyowa chikasu.

"Atsibweni, ntchentche zili apozo, nazonso n'zopeka?"

A Maliko anavundikira phazi ndi chipewa. "Ntchentche za ku Mitundu zilibe mwambo. Tiye, pemphera mokweza. Ukati ameni wodwala wachira, ine ndizipita dzuwa lisanapendeke. Nathenje si pano."

Anatambasula dzanja kuti atole ndodo yawo. Efulemu anaitola msanga, naiika padenga. Kenaka anaimirira pambali pa mphasa, atavala malaya okhaokha, Baibulo lili pawindo. Sanatsokomole.

"Gonani."

Mawuwo sanali okwera, koma a Maliko anapezeka atagona.

"Ku Nathenje simupita. Ndiwiritsa madzi ndikutsukeni. Mawa ndikukwezani panjinga, ndinu wodwala wanga woyamba. Akhristu anu akabwera kudzakusuzumirani, ndikawauza kuti alowe. Aone kuti mlaliki naye ali ndi phazi."

"Ndikakana?"

"Ndikawawerengera abusa kabukuka. Zonse munanena nokha."

A Maliko anamuyang'ana kuchokera pansi, pakamwa pali yasa.

"Iwe Efulemu! Waima pamutu panga?"

"M'busa amaima, atsibweni. Tachotsani chipewacho."