A Zimitsa-Yatsa atsika padenga

Abwana akulu, amene mwakhala pafupi kwambiri ndi keke, ndakuonani. Akuluakulu a nthambi zonse, anzanga a ku makompyuta, a ku maakaunti amene lero mwafika msanga chifukwa kuli zakudya, mayi athu a kunyumba kwa mwini phwando, ana ndi adzukulu, moni nonse.

Andiuza kuti ndilankhule mwachidule. Koma munthu tikutsanzikana nayeyu watidikiritsa zaka zambiri, ndiye lero adikireko nayenso.

Ine ndagwira ntchito tebulo limodzi ndi bambo awa kuyambira tsitsi lawo lili lakuda, ndiponso lilipo. Dzina lawo lenileni alilemba pa kekepo. Ife timawadziwa kuti a Zimitsa-Yatsa. Ukawaimbira kuti kompyuta yaima, yankho ndi limodzi: "Zimitsani, muyatsenso." Pulinta yatafuna pepala, yankho lomwelo. Tsiku lina mayi wophika tiyi ankadandaula kuti amuna awo sakuwalankhula. Bambo awa, osadzutsa n'komwe mutu, amvekere, "Mwayesa kuwazimitsa?"

Ntchito yathu awirife inali yozungulira maofesi athu a kumidzi, kukonza makompyuta ndi intaneti. Inu a m'tauni mumakwiya kanema akangoima pang'ono. Simunaone zinthu. Kumeneko intaneti imayenda wapansi. Imaima panjira, kupatsa moni aliyense, kufunsa za odwala, kenako n'kukhala pamthunzi.

Tili ndi gulu lathu la pa foni la anthu okonda makompyuta, ndipo amene ankalidyetsa nthabwala ndi awa. Analembamo kuti ali mnyamata anafunsira mbeta pa imelo, koma imeloyo inakafika mkaziyo ali ndi ana atatu. Mayi, musandiyang'ane choncho, dzina sanatchule. Tsiku lina anachititsa mpikisano. Fayilo imodzi anaitumiza pa intaneti, yomweyonso anaiika pa fulashi n'kupatsa mesenjala wathu wa njinga. Mesenjalayo anaphulitsa tayala panjira, anamata, anakaona mlamu wake, n'kufika. Pa kompyuta kagudumu kosonyeza kuti fayilo ikadali m'njira kanali kakuzungulirabe.

Tsono ndikuuzeni za mlongoti wawo woyamba wokokera netiweki. Anauimika padenga la ofesi yathu ya kutali kwambiri ija, ya kuseri kwa phiri. Anaumanga mwachinyamata, moti kamphepo kakangoomba unkatembenuka n'kumayang'ana kwina. Atakwera kuti akakonze, anangougwira n'kuutsamira, netiweki n'kudzaza. Atausiya, inathawa. Anthu pansi anafuula pawindo, "Musasunthe, bambo, zikupita." Anaima pamenepo dzuwa lili pamutu, tayi ili m'khosi, mwendo umodzi uli pa msomali wa malata. Potsika, dazi linali litapsa. Ndipo tinapeza kuti kalaliki wa pamenepo anali atamaliza ntchito kalekale, ankangokopera nyimbo.

Mlongoti umenewo anaukonza kangapo, koma sunasiye khalidwe lake. Ndipo pali tsiku lina limene sitinaseke.

Tinali ku ofesi yomweyo. Mvula inali itagwa yambiri, mtsinje utadzaza, galimoto sikanatha kuwoloka. Mwana wawo wamkazi, amene wakhala apoyo, anali woyembekezera ndipo anali kuchipatala m'tauni. Masana foni inalira. Anali mkamwini wawo. Ndinamva ndekha chifukwa bambo awa amaika foni pa sipika ngakhale nkhani ya m'banja. "Bambo, zavuta pang'ono, alowa naye ku opaleshoni, ndiye adokotala akuti..." Foni n'kuduka.

Anaimba. Sinalowe. Anatuluka panja, anaima pachulu, anakweza foni m'mwamba ngati akuitana mvula ina. Palibe. Anabwerera m'kati n'kukhala pa kompyuta, manja ali pamaondo. Munthu wolongolola uja ankangoyang'anitsitsa kompyutayo mpaka ine ndinayamba kuopa.

Patapita nthawi, uthenga unalowa pa kompyutapo. Mkamwini anatumiza chithunzi chokha, popanda mawu. Mkamwini, uli apo ukumva. Mawu awiri okha akanafika msanga, koma iwe unasankha chithunzi chachikulu ngati chitseko.

Chinayamba kutseguka kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono. Tinaona khoma la chipatala. Tinaona katani. Kenako botolo la diripi. Kenako tsitsi la mwana wawo, mutu uli pa pilo. Chipumi. Maso. Masowo anali otseka. Chithunzi n'kuima pomwepo.

Ine pofuna kuti mtima wawo ukhaleko pansi ndinati, "Bambo, tizimitse tiyatsenso?"

Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Achemwali, mukaigwira kompyutayo, ubale wathu uthera pano."

Anavula nsapato. Anatenga makwerero. Malata anali onyowa, ndipo panthawiyo bambo awa sanalinso mnyamata. Ndinawaletsa, sanandimve. Ndinangomva malata akulira pamwamba panga, kenako chithunzi chinayambanso kuyenda.

"Zafika pati?" anafunsa ali padenga.

"Pamphuno," ndinayankha pawindo.

"Mphuno ndikuidziwa, ndi ya mayi ake. Pitirizani."

Pakamwa panatuluka. Mwana wawo ankaseka. Maso aja anatseka chifukwa cha kuseka, komanso mkamwini sadziwa kujambula. Ndinawauza bambo padengapo. Chithunzi chinatsikabe, panatuluka phewa, nsalu, kenako kamutu kakang'ono kofiira, kopanda tsitsi ngakhale limodzi.

"Bambo, kuli mwana. Wafanana nanu kumutu."

Sanatsike msanga. Ndinatuluka kukawaona. Ndinawapeza atakumbatira mlongoti uja ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Atandiona anati ndi mphepo yawalowa m'maso. Kunalibe mphepo tsiku limenelo, chifukwa ikanakhalapo mlongotiwo ukanatembenuka. Mdzukuluyo ndi uyo wavala diresi yachikasu, akudya keke imene sitinadule. Tsitsi linamera, tikuthokoza.

Tsopano ndinene zoona, abwana akumva. Bambo awa anaitanidwa kangapo kuti adzakhale kuno ku likulu, pa mpando wozungulira, intaneti yothamanga. Anakana. Ankati anthu a kumidzi aja akawasiya, adzatumiziridwa munthu amene adzangowauza kuti vuto ndi dera lawo. Anakangana nanu m'misonkhano, abwana, mpaka munkasintha njira mukawaona pakhonde. Koma lero maofesi onse aja ali ndi intaneti yoti munthu n'kuonana ndi mwana wake pa foni, nkhope yonse nthawi imodzi. Anaphunzitsa anthu amene ankaopa kugwira mbewa ya kompyuta, ndipo sanasekepo munthu chifukwa chosadziwa. Ankaseka netiweki, ankadziseka okha, basi. Ineyo zonse ndikudziwa pa ntchitoyi ndinaziphunzira nditawagwirira makwerero. Zikomo, bambo. Tebulo lija likula kwambiri Lolemba.

Ndisanakhale pansi, pali nkhani ya nyumba. Mukudziwa kuti akupita kukakhala kumudzi, kumene amanga nyumba yopumulira. Bambo awa akhala akutidandaulira kuti anachita tsoka, malo awo alibe netiweki ngakhale kamzere kamodzi, pomwe kwa aneba awo imagwira bwinobwino. Akonza kale zokaimika mlongoti.

Dzulo ndinacheza ndi mayi. Andilola kuti ndinene. Amene anakasankha malo amenewo ndi mayiwo. Anayenda m'munda wonse foni ili m'manja, akuyang'ana timizere tija. Pamene kamzere komaliza kanazima, anaima n'kuuza amisiri kuti, "Kumbani apa." Anandiuza kuti, "Mwananga, zaka zonsezi ndakhala ndikugawana mwamuna ndi ofesi yanuyo. Pachakudya foni, kutchalitchi foni, pamaliro foni. Tsopano amene akumufuna abwere wapansi, adzandipeza pakhomo." Za mlongotizo akuti tisadandaule, makwerero anapatsa kale mchimwene wawo.

Ndiye bambo, pitani mukapume. Mukagone tulo ta masana, mukasewere ndi adzukulu, mukamvere mayi. Kompyuta ikatifera kuno tidzalira tokha.

Anzanga, tiyeni tiime tonse. Tiwaombere m'manja bambo athuwa mwamphamvu, ndipo mayi tiwaombere kawiri.