Makina a malemu Gideon Sakala asazime

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1973, kuno ku Kafue, m'nyumba za njanji kumene bambo wao ankagwira ntchito titachoka ku Katete. Dzina lao ndi a Gideon Sakala. Ine ndikukambane ndine Mwandida, mayi wao. Kusukulu sindinapondeko, koma tsiku limene unamva kuwawa suliiwala. Pepala la mbiri lilipo, alemba a Luckson, ang'ono ao a malemu, ndipo dzulo mdzukulu wanga Mtendere wandiwerengera. Alemba bwino, koma zaka zisanu ndi ziwiri zomaliza azilumpha ngati ngalande. Ndiye abusa mundikhululukire, ndaimirira ndekha.

Sukulu anayamba mu 1980. Anali mwana wosakamba, wa manja oyabwa. Wailesi ya bambo wao anaimasula kawiri, kachiwiriko inalankhula bwino kuposa kale, koma chikwapu anachilawabe. Atatsiriza giredi 12 mu 1991 anakaphunzira za magetsi ku Lusaka, ndipo mu 1996 analowa ntchito ku fakitale ya feteleza.

Mu 1999 anakwatira a Mainess, a ku Mazabuka. Pamaso pa bokosi sindinganame: ukwati umenewu ine sindinaufune. Ndinali nditawaonera kale mtsikana wa kwathu. Ine ndi apongozi angawa takangana za mchere wa m'ndiwo, za dzina la mwana, za amene akhale kutsogolo m'galimoto. Mu 2011 ndinalumbira kuti m'nyumba yao ku Estates sindidzapondamonso, nkusamukira ku Shimabala kukalima repu wanga. A Mainess nawonso anabweza lumbiro, ati pabwalo panga sadzaponda. Tonse awiri ndife anthu osunga mawu.

Mu 2018 malemu anapuma pa ntchito. Anzao akapuma amagula minibasi kapena nkhuku. Iwo anagula timakompyuta tiwiri takuda, topanda ndi galasi lomwe, nkutitsekera m'chipinda chakumbuyo. Apa ndi pamene pepala la a Luckson lakhala chete. Ena mwa inu munkati ndi za Satana. Musaweramitse mitu, ndikukudziwani, ndipo woyamba kukamba zimenezo ndinali ine.

Malemu anabwera ku Shimabala kudzandifotokozera, ine ndikupalira. Anati makinawo ndi maseva, amathandiza gulu lotchedwa Tor. Munthu akamaopa kuti wina aona zimene akuwerenga kapena kulemba pa intaneti, uthenga wake umadutsa m'manja atatu. Woyamba amadziwa kumene wachokera, koma kumene ukupita sadziwa. Womaliza amadziwa kumene ukupita, mwini wake samudziwa. Wapakati amangolandira envulopu yomata nkupatsira mnzake. Iwo anali apakati. Malipiro kulibe, wokuuza zikomo kulibe. Amadutsapo atolankhani, anthu odwala matenda amene safuna aneba adziwe, akazi othawa nkhonya. Ndinawafunsa za akuba. Anati akubanso amawoloka pa buriji ya Kafue, koma palibe amene anakaigwetsa.

Ntchito yake sinali yaulesi. Sabata iliyonse ankauzira fumbi, ankaona ngati kwatuluka zatsopano zotsekera mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, nkuziika tsiku lomwelo. Okutobala akatentha, fani ya kuchipinda chogona inkapita kwa makina. Mu 2024, chilala chitagwa malaiti nkumasowa tsiku lathunthu, anagula masola ndi mabatire, koma osati a firiji. Nyama inaola, makina ali moyo. A Mainess makinawo anawatcha mkazi wachiwiri. Nditamva zimenezo ndinaseka, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinagwirizana nao.

Ndibwerere pang'ono ku 2021. A Luckson, muli pomwepo, musayang'ane nsapato. Akazi anu atachoka chifukwa cha dzanja lanu, munapita kwa akulu anu kuti atsegule makina akuuzeni kumene abisala ndi amene akukamba nao. Anakuuzani kuti makinawo salemba dzina la munthu, sasunga kanthu, ndipo ngakhale akanasunga sakanakupatsani. Munakhala chaka osawapatsa moni. Ngati mwana wa eni uja anadutsiradi m'makina amenewa, ine sindidziwa. Ine, amene m'banja muno palibe mbale inagwa osaimva. Zimenezi zandikhalitsa pansi masiku ano. Mimba yanga ino, ya munthu wosasunga nkhani kufikira madzulo, inabala munthu amene anamanga chinthu chonyamula zinsinsi za anthu osawadziwa, osasuzumiramo.

Koma chinsinsi chimodzi anandisungitsa, ndipo ndachisunga. Onani ichi chili pa chingwe m'khosi mwangamu. Si chithumwa, abusa, ndi fulashi. Muli kiyi wamkulu wa makinawo, ndiye dzina lao limene anzao a kunja amawadziwira. Malemu anati kiyi ameneyu sagona nyumba imodzi ndi makina, kuti wakuba akanyamula bokosi anyamule chitsulo chabe. Makinawo amangopatsidwa chilolezo cha masiku makumi atatu. Ndiye mwezi uliwonse ankabwera ku Shimabala ndi laputopu, kukhala pansi pa mtengo wa mango, kubwereka fulashi, kudinda chilolezo chatsopano, kudya nshima yanga, kundibwezera fulashi. Zaka zisanu ndi ziwiri, sanalumphe mwezi. Dzulo Mtendere wandiuza kuti chilolezocho bambo wake akanatha kuchiika cha chaka chathunthu, kungosintha nambala. Anasankha okha mwezi umodzi. Ine ndinkaganiza kuti makina ndi amene ankawatuma.

Anayamba kudwala mu Febuluwale chaka chino. Shuga anafika ku impso. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo maso anayamba kuchita mdima. Pa 15 Seputembala anabwera komaliza. Woyendetsa galimoto anali a Mainess, amene anatsala kunja kwa mpanda monga mwa lumbiro lao. Malemu zilembo sankaziona. Anawaitana akazi ao. Laputopu anaiika pa thumba la chimanga pa geti penipeni, mwendo wa a Mainess osalowa mkati, ndipo ndinaona ndi maso anga zala zao zikuthamanga, amuna ao osawauza ndi liwu limodzi lomwe. Mkazi wachiwiri uja anali atamuphunzira kalekale. Kuyambira Febuluwale, wouzira fumbi ndi wotseka mipata anali iwo.

Malemu anatisiya Lolemba pa 6 Okutobala 2025, dzuwa lili pamutu, ali ndi zaka 52.

Tsiku lomwelo, potulutsa mipando kuti azimayi apeze pokhala, achibale anatsegula ndi chipinda chakumbuyo chomwe. Makina amene chilala chinalephera kuwazimitsa, anawazula a Luckson kuti alumikize kiyibodi ya kwaya ndi machaja a mafoni. Anakhala ozima mpaka Lachiwiri. Namfedwa uyu, ali ndi chitenje kumutu, anadzuka pa mphasa kukawayatsa. Alamu ake ena anayamba kunong'ona kuti mkazi wanji wosiya maliro kukasewera ndi kompyuta. Ndinawamva ndili panja pa nyumba. Makutu anga sanapume pa ntchito.

Manje mawa kuli kugawa katundu, ndipo ndamva kale kuti masola apeza mwini, mabatire apeza mwini, timabokosito akuti tikagulitsidwe ku Lusaka. Ndikukamba pano pali mboni. Malaya gawanani, nsapato gawanani, masipanala tengani. M'chipinda chija simuchoka ndi waya umodzi womwe. Tsiku lililonse pali anthu amene amadutsa m'nyumba ija, sitikuwadziwa, iwonso sadziwa kuti kuno kwagwa maliro. Asadzapeze njira yatsekedwa chifukwa wina akufuna batire la wailesi ya kanema.

Chilolezo chimene chilipo chikutha Lachitatu likudzali. A Mainess, fulashi sindikupatsani, mwini wake anati isagone nyumba imodzi ndi makina. Mubwere ku Shimabala ndi laputopu, ndipo mwezi wamawa mubwerenso. Thumba la chimanga lija ndachotsa pa geti. Mukalowe, mpando wa malemu uli pansi pa mango. Mchere ndithira ndekha.

Malemu asiya akazi ao a Mainess, ana atatu, Mtendere, Yande ndi Daliso, adzukulu awiri, mng'ono wao mmodzi, alongo ao awiri, ndi ine amene ndinayenera kutsogola. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzao a ku fakitale amene abweretsa tenti ndi nkhuni, azimayi amene aphika, a kwaya ngakhale soketi munaiba, ndi anzao a maseva amene atumiza mauthenga kuchokera kumaiko amene sindingathe kutchula, ena osalemba ndi maina omwe. A Gideon, mwanyamula katundu wa eni osafunsa kuti muli chiyani. Tulani tsopano. Mzimu wanu uuse mu mtendere.