Mafupa a M'mabokosi Achikasu

Mayi wokazinga nkhuku kumalo odyera a mabokosi achikasu ankadikira basi pasiteji ataweruka. Pambali pake, bambo wa tayi ankatamanda nkhuku ya kumalo ena odyera, a mabokosi ofiira, kwa mkulu wosesa pasitejipo.

"Kumeneko ndiye kodyera, akulu. Mipando yawofuwofu, komanso sachedwetsa munthu."

"Mipando sidyedwa, bwana. Ine sindinalaweko konseko, koma yokoma ndimaidziwa."

"Osalawa?"

"Mabokosi anuwo ndimatola ndine. M'ofiira ndimapeza nyama yolumidwa kamodzi n'kutayidwa. M'achikasu mumatsala mafupa okhaokha, otafunidwa mpaka mafuta a m'kati. Ngakhale agalu a pano amangonunkhiza, n'kuchoka atakhumudwa."

Mayi uja anatulutsa m'matumba manja ake odzaza zipsera za mafuta otentha, n'kuwasanjika pachikwama, poonekera.